Kodi "miss" pa Chitaliyana ndi mancare, perdere kapena signorina?

NaBanda_waUtale
Odi pagulu pano. Odziwa Chitaliyana ndithandizeniko. Asisteri amene anatiphunzitsa kusoka ku parishi kwathu anabwerera kwawo ku Bergamo. Akalamba, Chichewa chayamba kuwathawa, ndipo Chingerezi sankachilankhula kwenikweni n'kale lomwe. Amayi a gulu lathu andituma kuti ndiwalembere pa WhatsApp m'chilankhulo chawo kuti tawasowa. Ndalemba "we miss you" pa foni, yandipatsa "ci manchi". Koma mwana wanga atafufuza liwu loti "miss" mu dikishonale ya pa intaneti, kwatuluka chimndandanda: mancare, perdere, saltare, sbagliare, sfuggire, signorina. Liwu limodzi lingabereke ana onsewa? Cholondola n'chiti?

Maule_MpakaKale
Lembani signorina amayi, akamva kuti akadali kamtsikana asangalala kkkk

NaBanda_waUtale
Achimwene, nkhaniyi ndi ya anthu akuluakulu.

WakuPerugia
Amayi, foni sinaname, yangoiwala ulemu. "Ci manchi" ndi mmene mungamuuzire mwana wanu kapena mnzanu wa msinkhu umodzi, "takusowa iwe". Kwa asisteri achikulire lembani "ci manca tanto". Ataliyana polemekeza munthu samuchulukitsa ngati ife. Amamulankhula ngati akunena za munthu wina amene sali pomwepo, ndi kamawu koti Lei, n'chifukwa chake manchi wasanduka manca.

Pamene ambiri timagwa ndi apa. Mu "I miss you" mwininkhani ndi amene mtima ukumuwawa. Mu "mi manchi" mwininkhani ndi amene palibeyo: mi ndi "kwa ine", manchi ndi "iwe ukusowa". Munthu wozolowera Chingerezi amaganiza kuti poti wolankhula ndi iye, mneni akhale manco, basi n'kulemba "ti manco". Pamenepo watembenuza nkhani yonse, wanena kuti mnzakeyo ndiye akumusowa iye. Ukalembera chibwenzi "ti manco tanto" wamuuza kuti "ukundisowa kwambiri, ndikudziwa". Matama enieni.

Mneniyo amatsata chimene chikusowacho. Chikakhala chimodzi, manca: "mi manca mia madre", ndawasowa amayi anga. Zikakhala zambiri, mancano: "mi mancano i miei figli", ndawasowa ana anga.

MphunzitsiWopuma_Dedza
A WakuPerugia mwafotokoza bwino koma mwazungulira. Chovuta apa si Chitaliyana ayi, chovuta n'choti tikudzera ku London popita ku Roma. Tachotsani Chingerezi pakatipo muone. Kodi ife sitinena kuti "ndalama zandisowa"? Mwininkhani ndi ndalama, ine ndangokhala wovutika nazo. "Mi mancano i soldi" ndi chiganizo chomwecho ndendende. "Mchere wasowa m'ndiwo", iwo "manca il sale". Mwana wosowa ulemu, iwo "mancare di rispetto". Ndipo tikakumana ndi munthu amene sitinamuone nthawi yaitali timati "mwasowatu", wosowayo ndi iyeyo. Mchewa akaganiza m'Chichewa, mancare samuvuta. Amene amatuluka naye thukuta ndi Mngerezi.

Wapafakitale_Brescia
Aphunzitsi, pa "mwasowatu" ndikutsutsani mwaulemu. "Mwasowa" timauza aliyense, ngakhale wogulitsa makala amene wasiya kudutsa pakhomo. Mulibe mtima m'menemo. Mukamuuza bwana wa kuntchito kuno kuti "mi è mancato" chifukwa anali pa tchuthi, akuyang'anani kawiri. Iwo amati "quanto tempo!" kapena "che fine hai fatto?", ndiye kuti "unathera kuti?". Ozolowerana kwambiri amaseka kuti "chi non muore si rivede", wosamwalira amaonekanso. "Mi manchi" ndi wa anthu amene mtima unamangirira.

MphunzitsiWopuma_Dedza
Mwana wanga, ine ndanena za kamangidwe ka chiganizo, osati za malo ochigwiritsira ntchito. Koma mfundo yako ndailandira.

Kadzidzi265
Chichewa mukuchitamachi nachonso n'chachinyengo. "Wandisowa" ndi chiyani? Ndiwe amene ukundifuna ine, kapena ndiwe amene wazimiririka pamaso panga? Zonse ziwiri zimatheka. Ataliyana bola anasankha mbali imodzi n'kukhala pomwepo.

Seminale_Roma
Ndisanaiwale, amayi a ku Utale, pali dzenje limodzi loopsa. Musachotse kamawu kakang'ono kaja, mi kapena ci, makamaka polankhula za kale. "Mi è mancata" ndi "ndinawasowa". Koma "è mancata" payekha ndi mawu a maliro, ngati mmene ife timanenera kuti "atisiya". Kuno zidziwitso za maliro amazimata pamakoma a m'misewu, ndipo zambiri zimayamba ndi "è mancato all'affetto dei suoi cari", kutanthauza kuti wachoka pakati pa okondedwa ake. Amanenanso kuti "è venuto a mancare". Ndiye mukalembera sisteri wina wa nyumba yomweyo kuti "la suora è mancata", mwalengeza zovuta.

Onaninso mathero a liwulo. Polankhula za kale mancare ameneyu amayenda ndi mneni wothandizira essere (kukhala), choncho amasintha malinga ndi amene anasowayo: mwamuna "mi sei mancato", mkazi "mi sei mancata", gulu "mi siete mancati". Kaya wolembayo ndi mwamuna kapena mkazi zilibe ntchito.

NaBanda_waUtale
Mayo ine! Zilembo ziwiri zokha n'kuika munthu m'manda ali moyo? Zikomo abambo.

Seminale_Roma
Ubambo sunafike amayi, ndikadali pa sukulu. Mundipempherere.

Kondakitala_Wenela
Nanga "I missed the bus"? Mi manca il bus?

Wapafakitale_Brescia
Ukatero wanena kuti ukuipukwa basiyo, mwina unakulira m'menemo kkkk. Apa mpamene perdere amalowa, ndipo tanthauzo lake lenileni ndi kutaya. "Ho perso l'autobus", "ho perso il treno", "ho perso l'aereo". Ukatsika sitima ina mochedwa n'kupeza yolumikiza yapita, "ho perso la coincidenza". Mwayi ukakudutsa, "ho perso un'occasione".

Chimandiseketsa n'choti ife timati "basi yandisiya", wolakwa ndi basi. Mtaliyana amati "ndataya basi", ngati inali m'thumba mwake.

Kondakitala_Wenela
Zoona zake n'zoti minibasi siisiya munthu. Timadikira mpaka idzadze. Amene "wasiyidwa" ndi amene analibe ndalama.

WakuPerugia
Pa perdere ndiwonjezere ichi. "Mi sono perso" payekha ndi "ndasochera". Koma ukaikapo chinthu, "mi sono perso la partita", ndiye kuti mpirawo wakupita, sunauonere. Otsatsa malonda amakonda "da non perdere", chosayenera kukudutsa. Pomwe munthu akakulozera njira n'kunena zimene Angerezi amati "you can't miss it", Mtaliyana amati "non puoi sbagliare", sungalakwitse.

Saltare ndi kudumpha, ndipo ndi wa zinthu zimene wazilumpha: "ho saltato il pranzo", sindinadye nkhomaliro, "ho saltato la lezione", sindinalowe m'kalasi.

Mtsikana_waNdirande
Ndiye kujomba ndi saltare?

WakuPerugia
Saltare amavomereza kuti mwina unadwala. Kujomba kwenikweni, kochoka pakhomo ndi yunifolomu n'kukathera kumsika, m'mabuku ndi "marinare la scuola". Koma dera lililonse lili ndi lake. Ku Milano "bigiare", ku Firenze "fare forca", ku Napoli "fare filone". La ku Roma sindilemba pano, pali amayi ndi a ku seminale.

Seminale_Roma
Mwachita bwino.

Mtsikana_waNdirande
Kkkk ndikalifufuza ndekha. Nanga missed call? Anthu a mayunitsi ochepa tikufuna kudziwa.

Wapafakitale_Brescia
Pa foni pamalembedwa "chiamata persa", perdere yemwe uja. Koma kuflasha kwadala ali nako nawonso, amati "fare uno squillo". Mnzako amakuuza kuti "fammi uno squillo quando arrivi", undiflashe ukafika. Musamaganize kuti tinayambitsa ndife.

Nyerere_Yeniyeni
Inu mukuchedwa ndi mabasi. "Miss" wamkulu m'mbiri ya Italy ndi wa Roberto Baggio. Pa 17 July 1994, fainolo ya World Cup ku Pasadena, mpira wathera 0-0 ndi Brazil, mapenate, munthu n'kuutumiza mpira kumwamba. Pamenepo amati chiyani? Perso? Mancato?

WakuPerugia
"Ha sbagliato il rigore", walakwitsa penate. Ena amati "ha fallito". Mancare amagwira ukaphonya chimene umalasa, "ha mancato il bersaglio", kapena phazi likadutsa mpira osaukhudza, "ha mancato il pallone". Taonani kuti apa wayenda ndi mneni wothandizira avere (kukhala ndi), osati essere, ndipo wolasayo ndiye mwininkhani, ngati kuphonya kwathu. Ndiye mancare alipo wa nkhope ziwiri, wa kusowa ndi wa kuphonya.

Maule_MpakaKale
Mumangomunena Baggio. Baresi anayamba ndiye kuuponya kumwamba, ya Massaro anagwira Taffarel. Ngakhale Baggio akanachinya, Brazil inali ndi penate ina m'manja. Koma anthu a Nyerere mbiri mumaiwerenga theka.

Nyerere_Yeniyeni
Wayamba.

Wapafakitale_Brescia
Lokoma kwambiri ndi ili. Wosewera akatsala yekha ndi golo n'kuphonya, anzanga a kuntchito amakuwa kuti "si è mangiato un gol!", wadya chigoli. Ife zigoli timamwetsa, iwo amadya. Ndipo musayerekeze kutchula "mancata qualificazione" pa nthawi ya khofi. Dziko la zikho zinayi, 1934, 1938, 1982 ndi 2006, linakanika kupita ku World Cup ya 2018 litagwa ndi Sweden, kenako ya 2022 litamenyedwa 1-0 ndi North Macedonia pakhomo pawo ku Palermo, patangopita miyezi yochepa litatenga chikho cha Euro ku Wembley. Bala limenelo silinapole.

WoyangAniraGulu
Abale, mpira uli ndi tsamba lake. Amayi anafunsa za kalata ya asisteri.

NaBanda_waUtale
Zikomo akulu. Mwana wanga wandithandiza kulumikiza zimene mwanenazi. Taonani ngati zili bwino: "Cara suora, ci manca tanto. Le donne del gruppo di cucito La salutano e pregano per Lei." Ndiye kuti okondedwa asisteri, takusowani kwambiri, amayi a gulu losoka akukupatsani moni ndipo akukupemphererani.

WakuPerugia
Zili bwino kwambiri. Ngati mukufuna, pamalo pa "suora" ikani "suor" kenako dzina lawo, zimamveka zapafupi.

MwanaWaBalaka
Ine ndiye ndikuona mosiyana. Ndakulira pakati pa amishoni a ku Italy, kwathu ngakhale mwana amadziwa kuti Andiamo ndi "tiyeni". Anthu amenewa akakhala nanu zaka, kudya nanu nsima, kulira nanu maliro, Lei amawapweteka. Kwa iwo Lei si ulemu wokha, ndi mtunda. Ndi mmene umalankhulira ndi dokotala kapena wa ku banki. Ali ndi mawu ake, "diamoci del tu", tiyeni tizitchulana iwe, ndipo wamkulu ndi amene amayamba. Ngati asisteriwo ankakutchulani ana awo, "ci manchi" wa foni uja ndi amene angawagwetse misozi.

MphunzitsiWopuma_Dedza
Koma mwanena nokha kuti wamkulu ndiye amayamba. Sanayambe, chifukwa ankalankhulana m'Chichewa. Kulakwa mopitiriza ulemu kumakhululukika, kulakwa mochepetsa ayi.

MwanaWaBalaka
Kwathu kuno inde. Kwawoko sindikhulupirira.

Kadzidzi265
Bwanji osangolemba voi, tichulukitse ngati kwathu?

Seminale_Roma
"Ci mancate" adzamva kuti mukunena nyumba yonse ya masisteri. Voi wa ulemu kwa munthu mmodzi alipo ndithu, koma amamveka kummwera, madera a Napoli, Calabria ndi kwina kotero, makamaka kwa okalamba. Bergamo ndi kumpoto, ku Lombardia. Kumeneko angadabwe.

NaBanda_waUtale
A ku Balaka ndakumvani, koma munthu amene anandigwira dzanja pa makina osokera sindingamunene kuti iwe, kaya m'chilankhulo chanji. Akadandaula adzatiuza okha. Funso lina: amayi akufuna titumizenso mawu ojambula. Timatchula bwanji?

WakuPerugia
Apa ndiye Chichewa chimatipusitsa. Kwa iwo ch ndi k. "Manchi" ndi "manki". Mukatchula ch wathu wa mu "chala" zimayandikira "mi mangi", kutanthauza "ukundidya". Pomwe ci ndiye amatchulidwa ngati chi wathu. Choncho "ci manca" ndi "chi manka", "cucito" ndi "kuchito".

China ndi pokweza mawu. Ife timakoka phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto, ndipo mawu ambiri a Chitaliyana amateronso, n'chifukwa chake amatiyamikira katchulidwe. Koma mancano ndi MAN-kano, osati man-KA-no. Perdere ndi PER-dere. Ndipo r akhale r, asasanduke l.

Namwino_Padova
Ndangolowa kumene, ndawerenga zonse. Ine chiganizo changa cha tsiku ndi tsiku ndi "mi manca la nsima". Anzanga akuno amati si polenta yomweyo? Kuno ku Veneto kuli polenta yoyera, ufa wake umayesako, koma ndi wokhakhala, nsima yake siigwirana ngati ya ufa woyera wa kumtondo. "Mi mancano" usipa, chambo, nkhwani wotendera, ndi phokoso la ana pakhomo. Kupukwa kumudzi amati "nostalgia di casa", kapena mwachidule "mi manca casa". Palinso njira ina yonenera imene imayenda ngati Chingerezi, kwa amene mi manchi akuwazunguza mutu: "sento la tua mancanza", ndikumva kusowa kwako. Imamveka ya m'kalata pang'ono, koma siilakwika.

Wapafakitale_Brescia
Achemwali, ufa umapezeka m'mashopu a anthu a ku Ghana ndi ku Senegal. Funsani wa chimanga choyera wosalala.

Maule_MpakaKale
Nanga signorina wanga uja mwamutaya? Ali mu dikishonale, sindinapeke ine.

Namwino_Padova
Alimo, koma ndi "Miss" wina, wa pa dzina la mkazi wosakwatiwa, si mneni. Ndiponso akutha mphamvu. Kuchipatala mkazi wamkulu aliyense timamuti signora, kaya ali pabanja kaya ayi. Dokotala wamkazi ukamuti signorina amakwiya, ndipo ali ndi chifukwa, poti mnzake wamwamuna palibe amene amamuti signorino. Ndi dottoressa basi. Mwana wa sukulu amene ku England angaitane mphunzitsi kuti "Miss", kuno amati maestra ku pulayimale, professoressa kapena prof ku sekondale.

Pa mpikisano wa chiphadzuwa pokha mpamene anasunga liwu la Chingerezi. Miss Italia anayamba ndi dzina limeneli mu 1946 ku Stresa, m'mbali mwa nyanja ya Maggiore. Mu 1996 anapambana Denny Méndez, wakhungu lakuda wobadwira ku Dominican Republic, ndipo dziko lonse linakangana ngati angaimire kukongola kwa Chitaliyana. Akachuluka amati "le miss", liwulo silisintha.

Nyerere_Yeniyeni
Ndipo "mister" kwa iwo ndi kochi wa mpira. Osewera onse amati "il mister". Akuti zinayambira kwa William Garbutt, Mngerezi amene anayamba kuphunzitsa Genoa mu 1912.

WoyangAniraGulu
A Nyerere, ndakuonani.

Nyerere_Yeniyeni
Ndi za chilankhulo izi akulu!

Mtolankhani_waKale
Ine ntchito yanga inali yomasulira, ndiye ndifunse za "missing". Nthawi ya namondwe wa Freddy mu 2023 tinkalemba kuti anthu mazanamazana "akusowa" ku Blantyre, Mulanje, Phalombe ndi Chiradzulu. Pa Chitaliyana tinganene kuti mancanti?

Seminale_Roma
Ayi bambo. Mancante ndi wa zinthu: tsamba losowa m'buku, chikalata chosowa pa fomu, dzino losowa m'kamwa. Munthu amene wakokoloka ndi madzi, wakwiririka pa chivomezi, wamira pa nyanja kapena sanabwerere ku nkhondo ndi disperso, ambiri dispersi. Liwu limeneli kuno timalimva kawirikawiri pa nkhani za mabwato a anthu othawa kwawo pa nyanja ya Mediterranean. Amene wangochoka pakhomo osadziwika kumene wapita ndi scomparso. Pa kanema wa Rai 3 pali pulogalamu yofufuza anthu otere, Chi l'ha visto?, imene inayamba mu 1989 ndipo ikuulutsidwabe. Koma samalani, scomparso nayenso amanenedwa za womwalira, "la scomparsa di" wakutiwakuti nthawi zambiri ndi imfa. Nkhani yonse ndi imene imakuuza.

Mtolankhani_waKale
Ndiye pamene ife tili ndi "kusowa" mmodzi, iwo agawa patatu. Aphunzitsi a ku Dedza, mfundo yanu ija yayamba kudontha.

Kadzidzi265
Ndiwonjezere bowo lina. "Mancano dieci minuti alle otto." Palibe chasowa apa, kwatsala mphindi 10 kuti 8 koloko ikwane. "Manca poco", kwatsala pang'ono. Mancare ndi kutsalanso.

MphunzitsiWopuma_Dedza
Mphindi zimene zatsalazo ndi zimene zikusowa kuti ola likwane, ndiye sitinapite patali. Sindinanene kuti mawu awiriwa ndi mapasa. Ndanena kuti wophunzira wa Chichewa akayambira pa "kusowa" afika msanga kuposa woyambira pa "miss", ndipo zimenezo palibe wazigwetsa. Taonani mmene tamasulira tonse pano osazindikira: kusowa, kuphonya, kusiyidwa, kujomba, kupitidwa, kupukwa. Ifenso tili ndi mawu osiyana pa chilichonse, ngati Ataliyana. Amene anaunjika zonse m'thumba limodzi ndi Angerezi. Ndipo poti ndinaphunzirako Chilatini ku sekondale ya mishoni: mancare anachokera ku mancus, munthu wolumala dzanja. N'komwenso kunachokera mancino, wamanzere.

Mtsikana_waNdirande
Pa mndandanda wa amayi paja patsala sfuggire, palibe wamukhudza.

WakuPerugia
Ci è sfuggito, watipita kkkk. Ndi zomwezo: chinthu chimene maso kapena makutu sanachigwire. "Mi è sfuggito un errore", cholakwika chandipita powerenga. "Mi sfugge il nome", dzina landithawa. Nayenso amayenda ngati mancare, chinthucho ndicho mwininkhani. Amene mukukonzekera mayeso a Chitaliyana a CILS kapena CELI, aneni atatuwa, piacere (kukonda), mancare ndi sfuggire, muwaphunzire limodzi chifukwa amamangidwa mofanana. Mlingo wa B1 wa mayesowa ndi umene umafunika pofunsira unzika wa Italy kuyambira kumapeto kwa 2018, ndipo pa mlingo umenewo "ti manco" wotembenuka sakhululukidwa.

Namwino_Padova
Amayi a ku Utale, asisteri akayankha mudzawathokoza, ndipo mwina adzati "ci mancherebbe!". Musadzadabwe kuti chasowanso n'chiyani. Ndi "musadandaule, n'zosachita kufunsa". Koma "ci mancava solo questa" ndi zina, amanena mavuto akaunjikana: magetsi azima, mvula yayamba, kenako alendo odi. Zimangotsala zimenezi basi.

Kondakitala_Wenela
Limeneli ndiye ndalitenga. Mafuta akwera, tayala laphulika pa Chichiri, apolisi apamsewu ali kutsogolo. Chi mankava solo kwesta.

WakuPerugia
Katchulidwe mwakhoza achimwene. Polemba mubwezere ci ndi questa.